FORZA HORIZON 5: MSEWU WOPANDA POLEKEZERA

Makolo ambiri kuno kunyanja ayamba kumva ana awo akutchula mayina a magalimoto amene sanaonekepo m'misewu yathu ndi kale lomwe. Mnyamata woti sanagwirepo chiongolero akukuuzani za Lamborghini ndi Koenigsegg ngati kuti waziimika kuseri kwa nkhokwe. Mukafufuza bwino mupeza kuti magalimoto amenewa amawayendetsa pa kompyuta, mwina kwa mnzake, mwina pa makina amene achimwene ake anabwera nawo kuchokera ku Joni. Tsono popeza safunsa adadya phula, ife tinaona kuti nkwabwino tiyese tokha amodzi mwa masewera amenewa, kuti polankhula ndi ana tizinena zimene taona ndi maso athu, osati za m'maluwa.

Tinasankha masewera otchedwa Forza Horizon 5, ndipo zimene talemba pano ndi zimene tinaona m'masiku oyamba. Tinene poyera kuti anatisangalatsa. Ndi okongola, mulibe magazi, mulibe mfuti, mulibe ndewu. Komatu tinaonanso kuti amene anawapanga sanaikemo malo amene munthu anganene kuti, "Basi ndafika, ndikapume." Nkhani yathu yagona pamenepo.

KODI NDI MASEWERA OTANI?

Masewerawa anatuluka pa 9 November 2021. Anawapanga ndi a kampani ya Playground Games ya m'tauni ya Leamington Spa ku England, imene iri m'manja mwa Microsoft. Ndi achisanu pa mndandanda umene unayamba mu 2012. Oyambawo nkhani yake inkachitikira ku Colorado m'dziko la America, a mu 2014 ku France ndi ku Italy, a mu 2016 ku Australia, a mu 2018 ku Britain, ndipo achisanuwa ku Mexico. M'sabata yoyamba yokha anthu oposa 10 miliyoni anawasewera. Mu 2025 eni ake analengeza kuti achisanu ndi chimodzi adzakhala a ku Japan.

Pali zinthu ziwiri zimene kholo liyenera kumvetsa za mtundu umenewu wa masewera. Choyamba nchakuti mulibe mpanda. M'masewera ambiri a magalimoto munthu amangozungulira bwalo limodzi, akamaliza nkusankha lina. Muno ayi. Mumapatsidwa dziko lathunthu, ndipo mukaona phiri chapatali mungathe kupatuka mumsewu, kudula m'minda ndi m'madambo mpaka kukafika pamwamba pake popanda wokuletsani. Nzeru imeneyi si yalero. Masewera a Midtown Madness a mu 1999 ankalola munthu kuyendayenda mumzinda wa Chicago, ndipo Test Drive Unlimited a mu 2006 anapereka chilumba chonse cha Oahu ku Hawaii.

Chachiwiri ndi kayendetsedwe kamene eni ake amati arcade. Dzinali linachokera ku nyumba zamasewera za kunja, mmene munkakhala makina oponyamo ndalama yachitsulo, monga a OutRun amene kampani ya Sega ya ku Japan inatulutsa mu 1986. Mwini makina ankafuna kuti aliyense wolowa, ngakhale wosadziwa kanthu, asangalale m'mphindi yoyamba yomweyo kuti aponyenso ndalama ina. Nchifukwa chake galimoto ya m'masewera otere imamvera mosavuta ndipo imakhululuka zolakwa. Alipo masewera ena, monga Forza Motorsport, amene amayesetsa kutsanzira kayendetsedwe kenikeni, koti ukachedwa pang'ono kuponda buleki ndiye kuti mpikisano wautaya. Forza Horizon 5 yapendekera kwambiri ku mtundu wokhululukawo.

MPHINDI ZOYAMBA

Sitinayambe ndi kuphunzitsidwa malamulo a pamsewu, kapena kusonyezedwa pamene pali giya. Masewera atangoyamba tinaona ndege yaikulu yonyamula katundu ikuuluka pamwamba pa phiri lophulika moto. Chitseko chakumbuyo chinatseguka, galimoto ya Ford Bronco nkugwa ndi parachuti, ndipo itangotera pansi chiongolero chinali kale m'manja mwathu, tikutsetsereka phiri. Tisanapume nkomwe ndege ija inagwetsanso ina, ya Chevrolet Corvette, imene tinalowa nayo m'chimphepo cha fumbi choti kutsogolo sikunkaoneka. Kenaka inabwera Porsche yoyenda m'matope a m'nkhalango, ndipo pomaliza Mercedes-AMG One, galimoto imene injini yake inachokera ku mipikisano ya Formula One, ndipo yeniyeniyo anangopanga 275 zokha dziko lonse lapansi.

Zonsezi zinachitika mphindi 15 zisanathe. Titafika pa bwalo la chikondwerero chotchedwa Horizon, anthu a m'masewerawo anatilandira ngati akatswiri odziwika kale. Anatisonyeza magalimoto atatu, Toyota GR Supra, Corvette ndi Bronco, kuti tisankhe yoyamba kuyendetsa, koma onse atatu anatipatsa. Posakhalitsa anatipatsanso nyumba yaulere m'tauni ya Mulegé. Ndithudi, mlendo sanalandiridwepo chotere. Aliyense amakuyamikira, palibe wokudzudzula, ndipo ngakhale utathera kumbuyo kwenikweni pa mpikisano umalandirabe kenakake.

MEXICO WA M'GALASI

Chimene chinatigwira mtima kwambiri ndi dziko lenilenilo. Opanga masewerawa anapita ku Mexico kukajambula thambo, miyala ndi zomera, ndipo anaika m'mapu amodzi malo a mitundu 11: chipululu cha mchenga, chipululu cha zomera zaminga, nkhalango yowirira, madambo, zigwa zakuya, minda, magombe a nyanja ndi ena. Mapuwa ndi aakulu kuposa a masewera a ku Britain aja ndi theka. Mpikisano wautali kwambiri, wotchedwa Goliath, umazungulira dziko lonselo mtunda wa makilomita oposa 50.

Malo ena ndi enieni. Mzinda wa Guanajuato ulipodi pakati pa dziko la Mexico. Unalemera kale ndi migodi ya siliva, nyumba zake nzopakidwa utoto wamitundumitundu m'mbali mwa mapiri, ndipo pansi pake pali misewu yodutsa m'mapanga, imene ina inali njira za madzi osefukira. Bungwe la UNESCO linauika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1988. M'masewerawa mumalowa m'mapanga amenewo ndi kutulukira m'tinjira topapatiza. Muli mabwinja a Tulum ndi Ek' Balam, amene anamanga ndi anthu a mtundu wa Maya kalekale Azungu asanafike kumeneko. Mulegé nayo ndi tauni yeniyeni ya m'chigawo cha Baja California.

Koma mwana adziwitsidwe kuti Mexico weniweni sali choncho. Kuchokera ku Mulegé kukafika ku Tulum ndi ulendo wa makilomita zikwi zingapo, pamene m'masewera ndi mphindi zochepa chabe. Phiri lophulika moto lija, lotchedwa Gran Caldera, ndi longopeka. Tinganene kuti anatenga zokoma zokhazokha za dziko lalikulu nkuziika m'mbale imodzi. Ngakhale ziri choncho, pali poyambira nkhani yabwino ndi ana. Mukadutsa m'minda ya m'masewerawa muwauze kuti chimanga chimene timadyera nsima kwawo kwenikweni ndi ku Mexico, kumene anthu anayamba kuchilima zaka pafupifupi 9,000 zapitazo.

Mulinso tinkhani tating'onoting'ono. Imene inatikomera ndi ya mtsikana wina wa m'masewerawo amene akufunafuna galimoto yakale ya agogo ake aamuna kuti aikonze. Galimotoyo ndi Volkswagen Beetle, imene anthu a ku Mexico amaitcha Vocho. Kwa iwo ndi galimoto yapamtima, chifukwa fakitale ya ku Puebla inapitiriza kuipanga mpaka mu July 2003, maiko ena onse atasiya kale. Pakati pa magalimoto oposa 500 amene analimo masewerawa potuluka, kagalimoto kakale kameneka ndi kamene kanatipatsa nkhani ya banja ndi ya kulemekeza akuluakulu.

KAYENDETSEDWE KAKE

Tinayamba ndi mabatani a kiyibodi, koma galimoto inkakhota mwadzidzidzi chifukwa batani lilibe pakati: kapena mwadina, kapena simunadine. Titatenga kachipangizo kogwira m'manja kamene anyamata amati padi, zinthu zinayenda bwino, chifukwa mungathe kuponda moto pang'onopang'ono monga pa galimoto yeniyeni.

Masewerawa amathandiza woyamba kumene m'njira zambiri. Pamsewu pamajambulidwa mzere wosonyeza poyenera kudutsa, ndipo ukasanduka wofiira ndiye kuti nthawi yoponda buleki yakwana. Magiya amasintha okha. Opikisana nawo mungathe kuwafooketsa kapena kuwalimbitsa. Munthu akazolowera amachotsa zothandizazi chimodzichimodzi, ndipo pamenepo mpamene timaona kuti pansi pake pali nzeru ndithu: galimoto yokoka ndi matayala akumbuyo imaterereka m'matope, yokoka ndi matayala onse anayi imagwira bwino, ndipo yolemera imachedwa kuima. Mwana wokonda zaumakaniko angaphunzirepo kanthu, chifukwa amaloledwa kusintha injini, matayala ngakhale mpweya wa m'matayala nkuona zotsatira zake.

Tiwayamikirenso pa kuganizira anthu olumala. Liwiro la masewera onse lingathe kuchepetsedwa kwa amene manja ake sachita changu, zilembo zingathe kukulitsidwa, ndipo mu March 2022 anaonjezeramo omasulira m'chinenero cha manja cha ku America ndi cha ku Britain. Pa mphoto za The Game Awards za mu 2021 masewerawa anapambana pa mbali imeneyi, komanso pa kamvekedwe ka mawu ndi pa masewera a mipikisano.

NGOZI YOPANDA MALIRO

Tsono tifike pa zimene zinatipatsa maganizo. M'masewerawa mungathe kuomba mwala pa liwiro la makilomita 300 pa ola, galimoto nkugubuduzika kangapo, kenaka nkudzuka ndi kupitiriza ulendo itangokalika utoto. Ngati simunakonde zimene zachitika, pali batani lotchedwa Rewind, limene limabweza nthawi m'mbuyo masekondi angapo kuti muyeserenso ngati kuti palibe chachitika. Mumsewu mulibe woyenda pansi, mulibe wanjinga, mulibe mwana wothamangira mpira. Zinyama zimene zilimo zimathawa zokha. Kuphwanya mipanda ya anthu, kudutsana ndi galimoto ina mokhulana, kudumpha phompho, zonsezi amakupatsirani mapointi. Makamera ogwira othamangitsa alimo, koma m'malo mokulipiritsani amakupatsani nyenyezi chifukwa chothamanga kwambiri.

Sitikunena kuti mwana wosewera zimenezi adzakhala dalaivala woipa. Ana ambiri amadziwa kusiyanitsa masewera ndi moyo. Koma chimene maso aona kambirimbiri mtima umachizolowera, ndipo mnyamata wa zaka 15 lero ndi amene mawa adzabwereke njinga yamoto ya kabaza. Lipoti la bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO la mu 2023 linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chirichonse, ndipo ngozi zimenezi ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Bungweli limanenanso kuti liwiro likangokwera ndi gawo limodzi pa 100, chiopsezo cha ngozi yakupha chimakwera ndi magawo 4 pa 100. Msewu wathu wa m'mbali mwa nyanja uli ndi mbuzi, njinga zonyamula nsomba ndi ana opita kusukulu, ndipo ulibe batani lobweza nthawi. Mawu amenewa masewera sadzamuuza mwana. Oyenera kumuuza ndi bambo ake ndi mayi ake. Amukumbutsenso kuti ku Mexico magalimoto amayenda kumanja kwa msewu pamene kwathu kuno timayenda kumanzere.

GUDUMU LA MWAYI

Chachiwiri ndi momwe chuma chimabwerera. Nthawi ndi nthawi, mukakwera sitepe, pagalasi pamabwera chinthu chotchedwa Wheelspin. Zithunzi za mphoto zimathamanga kenaka nkuima pa chimodzi: mwina ndalama za m'masewera, mwina chovala, mwina hutala, mwina galimoto yamtengo wapatali. Maonekedwe ake ndi kamvekedwe kake nzofanana ndi makina a juga. Tinene chilungamo: simuikapo ndalama yanu, simutaya kanthu, ndipo palibe pogulira gudumulo mwachindunji ndi ndalama zenizeni, ngakhale kuti amene alipira umembala wa VIP amapatsidwa mwayi woonjezera. Komabe kugunda kwa mtima kumene munthu amamva podikira kuti gudumu liima pati nkomwe kuja kumene kumakokera anthu ku juga. Ife akuluakulu tinakumva. Nanga mwana?

Chifukwa cha gudumu limeneli, pomatha masiku ochepa garaja yathu inali itadzaza magalimoto amene sitinawakhetsere thukuta, ena sitinawayendetse nkomwe. Chinthu chobwera mosavuta sichikhala ndi mtengo mumtima. Mwana amene bambo ake amagona panyanja usiku wonse kuti apeze ndalama ya fizi ayenera kumva kusiyana kumeneku kuchokera kwa munthu wamkulu.

LACHINAYI LIRILONSE

Chachitatu, chimene kwa ife ndicho chachikulu, ndi nthawi. Mukapambana mpikisano umodzi, pamapu pamaonekera zizindikiro zina zingapo. Mukamapita kumene mwasankha, m'njira mumakumana ndi chikwangwani choti muphwanye, kamera yoti muithamangire, mphekesera ya galimoto yakale yobisika m'shedi. Mphindi zisanu zirizonse pali kanthu kakang'ono kokoma, ndipo kotsatira kali pafupi. Munthu amati, "Kamodzi kokha aka," nkudzazindikira dzuwa litapendeka.

Kuonjezera apo, nyengo ya m'masewera imasintha Lachinayi lirilonse: yamvula, yamkuntho, yachilimwe, yotentha, kenaka nkuyambiranso. Sabata iriyonse imabwera ndi ntchito zake ndi mphoto zake, ndipo ikatha mphotozo zimachotsedwa. Ndiye mwana akamati, "Ndikapanda kusewera lero galimotoyo indipita," sakunama ayi. Anakonza dala kuti azimva choncho.

Kumbukirani makina a ndalama yachitsulo aja. Iwo anali ndi polekezera: ndalama ikatha m'thumba, mwana ankabwerera kwawo. Masewera a lero anasunga kukoma kwa makina amenewo koma anachotsa polekezerapo. Dziko lopanda mpanda ndi lokoma kuyendamo, komatu mbuzi yopanda chingwe imagona kutchire. Mu 2019 bungwe la WHO linavomereza kuti kukanika kudziletsa pa masewera a pakompyuta, mpaka sukulu, ntchito ndi banja nkusokonekera kwa nthawi yaitali, ndi vuto la zaumoyo. Ndi ochepa amene amafika pamenepo, koma njira yake imayamba ndi maola osawerengedwa.

ZOFUNIKA PA KOMPYUTA

Amene akuganiza zogula adziwe kuti si kompyuta iriyonse ingakwanitse. Eni ake amati pafunika Windows 10 kapena yoposa apo, RAM yosachepera 8 GB, khadi la zithunzi lamphamvu ngati GTX 970 kapena RX 470, ndi malo osungira okwana 110 GB. Laputopu wamba ya muofesi kawirikawiri siitha. Kukopera zonsezo pa intaneti ya pafoni kungadye bandulo yambiri kuposa imene banja limagula miyezi ingapo, ndipo magetsi akazima pakati ntchito imaima. Pamafunikanso akaunti ya Microsoft.

Mabungwe oyeza masewera anawaika m'gulu loyenera aliyense: PEGI 3 ku Ulaya, ndi E ku America. Chizindikiro chimenechi chimangonena za zimene ziri m'kati, sichinena za maola amene mwana angathere pamenepo. Mulinso zogula zoonjezera ndi ndalama zenizeni, monga Hot Wheels ya mu 2022 ndi Rally Adventure ya mu 2023, kotero musasiye nambala za khadi la kubanki pa makina amene ana amagwiritsa ntchito. Dziwaninso kuti masewera otere sagulitsidwa mpaka kalekale: Forza Horizon 4 anasiya kuigulitsa mu December 2024 chifukwa mapangano a eni ake ndi makampani ena anali atatha.

MAWU KWA MAKOLO ANZATHU

Kodi tiwaletse? Ife sitikuona chifukwa choletsera, malinga ngati kholo lichita mbali yake. Kompyuta ikhale pabalaza, osati kuchipinda. Nthawi yoyamba ndi yolekeza ipanganidwe masewera asanayatsidwe, ndipo muyeso wabwino ndi chiwerengero cha mipikisano, monga itatu, chifukwa mwana amatha kuiwerenga yekha ndipo sangati mwamudula pakati. Ntchito zapakhomo, homuweki ndi swala zikhale patsogolo. Kwa ana aang'ono sankhani kuti azisewera okha osalumikizana ndi alendo a pa intaneti, pakuti njira imeneyo ilimo. Wailesi ya m'galimoto, imene imaimba nyimbo nthawi zonse, ingathe kuzimitsidwa nkutsala kulira kwa injini kokha.

Koposa zonse, khalani naye pansi tsiku lina musewere limodzi. Muloleni akuphunzitseni, akusekeni mukagwera mumtsinje. Mukatero mudzakhala ndi pomufunsira: kodi galimoto yeniyeni ikadagubuduzika chonchi, anthu a m'katimo akadatani? Kodi mpanda umene waphwanyawu mwini wake anaumanga masiku angati? Kodi Guanajuato ali pati pa mapu a dziko lapansi? Funso lofunsidwa muli phewa ndi phewa limalowa bwino kuposa lofuula muli pakhomo. Kuongola mtengo mpoyamba.

Forza Horizon 5 ndi ntchito ya amisiri odziwa, ndipo munthu woiona koyamba sangalephere kudabwa. Anamanga msewu wosalala, wokongola, wopanda dzenje ndi wopanda mathero. Chikwangwani chonena kuti "imani" sanaikepo, ndipo sadzaikapo. Chimenecho tidzazike ndife, m'nyumba mwathu.